Rasipiberi Akakana Kubereka pa Khomo ku Harare: Yambani ndi Tsinde, Feteleza Pambuyo

Alimi a m'makomo ku Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku, pamodzi ndi abale athu amene amasamalira minda ya maluwa ku Borrowdale ndi Mount Pleasant, amabwera ndi dandaulo lofanana pa nkhani ya rasipiberi, mbewu yobala tizipatso tofanana ndi mabulosi: mbewu yakula bwino, masamba ali biriwiri, mphukira zadzaza bedi lonse, koma zipatso palibe, kapena zilipo zowerengeka ndi zonyenyeka. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuthira feteleza wina, ndipo chaka chotsatira masamba amachulukirachulukira pamene zipatso zikucheperachepera. Ndikupempha kuti musanagule thumba lina la feteleza, muyambe mwadziwa mtundu wa rasipiberi amene muli naye ndi tsinde limene limabereka, chifukwa vuto la minda yambiri mu mzinda uno lagona pamenepo.

Mizu ya rasipiberi imakhala zaka zambiri m'nthaka, koma tsinde lililonse limakhala zaka ziwiri zokha. Zimafanana ndi nthochi, imene thunthu lake likabereka mkoko limatha ntchito ndipo mwana wophuka pansi ndiye amalowa m'malo. Kusiyana kwa mitundu kuli pa nthawi imene tsindelo limabereka. Mitundu ina imakula chaka choyamba popanda duwa ngakhale limodzi, imagona nyengo ya chisanu, kenaka n'kubereka chaka chachiwiri. Mitundu ina imabereka kunsonga kwa tsinde m'chaka chomwecho limene laphuka.

Mitundu yobereka chaka chachiwiri ndi ya kumaiko ozizira, ndipo yambiri imafuna maola 800 kapena kuposerapo a kuzizira kosapitirira madigiri 7 kuti maso a pa tsinde adzuke bwino. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kumazizira ndithu mpaka kufika cha m'madigiri 7, nthawi zina chisanu n'kuwaula masamba m'malo otsika, koma dzuwa likangokwera kumafunda mpaka kupitirira madigiri 20. Kuzizira kotere n'kosakwanira. Zotsatira zake n'zakuti maso awiri kapena atatu akunsonga ndiwo amaphuka, tsinde lonse kumunsi n'kukhala lopanda kanthu. Mbewu yotereyi ikhoza kuchita bwino ku Nyanga, kumene kumazizira kwambiri, koma pa khomo la ku Highfield idzakutayitsani madzi ndi nthawi. Kuno sankhani mitundu yobereka pa tsinde la chaka chomwecho, monga Heritage, amene anatulutsidwa ndi yunivesite ya Cornell ku America mu 1969, kapena Autumn Bliss wochokera ku East Malling ku England. Pogula mbande funsani dzina la mtundu wake, ndipo wogulitsa akalephera kulitchula, ndi bwino kupita kwina.

Ngati mbewuyo munapatsidwa ndi mnansi ndipo dzina lake silikudziwika, mangani kansalu pa matsinde angapo amene aphuka chaka chino ndi kuwayang'anira mpaka mwezi wa Meyi. Akachita maluwa kunsonga, muli ndi mtundu woyenera kuno. Akapanda kutero, musawadule, asiyeni adutse chisanu kuti muone ngati adzabereke mvula ikamayandikira.

Kudulira ndi pamene anthu ambiri amawonongera zokolola zawo asakudziwa. Munthu wokonda ukhondo amasesa munda wonse mu Julaye, n'kudula tsinde lililonse mpaka pansi. Ku mtundu wobereka chaka chomwecho, kumeneko ndiko kudulira koyenera: dulani zonse molekeza pa nthaka m'nyengo ya chisanu, mphukira zatsopano zidzatuluka kukayamba kufunda, ndipo zidzabereka kuyambira m'dzinja mpaka m'masika. Koma ku mtundu wobereka chaka chachiwiri, kudula kotereku ndi kutaya zipatso zonse za chaka chamawa, ndipo munthu akhoza kuchita zimenezi zaka zisanu osalawa chipatso. Pa mtundu umenewu muzichotsa matsinde okhawo amene abereka kale, amene amaoneka otuwa ndi ouma khungu, ndipo obiriwira muwasiye.

Mphukira zikachuluka muyenera kupatulira popanda chisoni. Siyani matsinde amphamvu 8 mpaka 10 pa mita iliyonse ya mzere, mzerewo usapitirire masentimita 40 m'lifupi, ndipo zonse zophukira m'njira muzizule. Zikani mitengo kumapeto kwa mzere ndi kukoka mawaya awiri kuti matsinde asagwere pansi, pakuti tsinde limene likulandira dzuwa ndi mphepo ndilo limachita maluwa ambiri. Pobzala mwatsopano, miyezi yabwino ndi Juni ndi Julaye pamene mbewu ili m'tulo, ndipo pakati pa phando ndi phando pakhale masentimita 50.

Za nthaka ndiyenera kunena motsindika kwa amene amalima m'madambo, monga momwe mabanja ambiri amachitira m'mphepete mwa mitsinje ya mu mzinda muno. Rasipiberi safuna madzi odikha. Mizu yake ikakhala m'matope masiku ochepa chabe mu Januwale kapena Febuluwale, imagwidwa ndi matenda owoletsa mizu otchedwa Phytophthora, ndipo mudzaona matsinde akufota dzuwa likawala ngakhale nthaka ili yonyowa. Dothi lofiira lamakande la kumpoto kwa mzinda nalonso limasunga madzi, choncho kwezani bedi masentimita 25 kapena 30 ndi kusakanizamo manyowa owolerana bwino. Musabzale pamene panali tomato, mbatata ya kachewere kapena mabiringanya m'zaka zitatu zapitazi, chifukwa mbewu zimenezi zimasiya m'nthaka matenda ofotetsa a Verticillium. Nthaka ikhale ya asidi pang'ono, muyeso wake wa asidi (pH) ukhale pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo amene akufuna kutsimikiza akhoza kupereka dothi lake kuti likayezedwe ku Chemistry and Soil Research Institute konkuno ku Harare, kapena kufunsa mlangizi wa boma wa zaulimi (Agritex) wa m'dera lake.

Ngakhale amadana ndi matope, rasipiberi sapirira ludzu, popeza mizu yake yambiri ili pamwamba. Miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene kunja kukutentha ndipo madzi a m'mipopi akuvuta, ndi imene mphukira zimafuna madzi kwambiri. Mbewu imafuna mamilimita 25 mpaka 40 pa sabata, kutanthauza malita 25 mpaka 40 pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndipo ndi bwino kuwagawa kawiri kapena katatu. Thirirani pansi, osati pamasamba, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma. Madzi ochapira a sopo, amene ambiri timawasunga chifukwa cha kusowa kwa madzi, musawathire pa mbewu imeneyi chifukwa imapsa msanga ndi mchere. Musapalire mozamitsa khasu pafupi ndi mzere.

Feteleza ali ndi malo ake, koma ndi ochepa. Manyowa ndi Compound D pang'ono pobzala n'zokwanira, kenaka ammonium nitrate (feteleza wa nayitrojeni) wochepa mphukira zikafika m'mawondo. Nayitrojeni akachuluka, tsinde limatalika mofewa, maluwa amachedwa, ndipo nsabwe za m'masamba zimachuluka. Maluwa akamayandikira mbewu imafuna potashi, ndipo musankhe sulphate of potash chifukwa muriate of potash ali ndi chloride amene rasipiberi sagwirizana naye.

Pali alimi ena amene zipatso amapeza, koma zazing'ono ndi zomwazika akangozigwira. Chipatso chimodzi cha rasipiberi ndi timibulu tambirimbiri tolumikizana, ndipo kambulu kalikonse kamafuna mungu wakewake. Njuchi zikachepa, timibulu timachepanso ndipo chipatso sichigwirana. N'chifukwa chake simuyenera kupopera mankhwala ophera tizilombo mbewu ili pa maluwa, ngakhale pa masamba a ndiwo amene ayandikana nayo. Ngati njuchi zikubwera bwino koma zipatso zikunyenyekabe chaka ndi chaka, ganizirani za vairasi yotchedwa raspberry bushy dwarf, imene imafala kudzera mu mungu ndipo ilibe mankhwala. Mbewu yotere izuleni ndi kuitentha, ndipo musapatse mnzanu mphukira zake, ngakhale atazipempha chotani. Timibulu toyera pa mbali yoyang'ana dzuwa si matenda ayi, ndi kupsa ndi dzuwa, ndipo neti ya mthunzi wochepa kapena kubzala pamene dzuwa la masana limatchingika kumathetsa vutoli. M'nyengo yotentha yomweyo muzitembenuza masamba kuti muone kangaude wofiira, kachilombo kakang'ono koyamwa masamba, asanachuluke.

Mvula ikalimbikira zipatso zimachita nkhungu yotuwa, choncho muzithyola tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku limodzi, mame atauma, ndi kutaya kutali zonse zowola. Chipatso chakupsa chimachoka chokha mukachikoka pang'ono, n'kusiya kachitsa koyera pa mtengo, ndipo chosapsa sichidzatsekemera mukachithyola. Ikani m'mbale yosazama kuti zisapsinjane, ndipo zidyedwe kapena zigulitsidwe pasanathe masiku awiri. Apumbwa amadziwa kupsa kwa chipatso msanga kuposa mwini munda, choncho neti yotchinga mbalame ikhale itakuta mbewu zipatso zikangoyamba kufiira.