Malangizo kwa magulu ofuna kuyamba luso la feliti

Feliti ndi nsalu yochindikala imene siilukidwa ndipo siiwombedwa pa makina monga zitenje zathu. Ambiri tinaigwirapo kale, pakuti ndi ija imakhala kunsi kwa dasitala yofufutira pa bolodi kusukulu, ndiponso ndi imene amaumbira zipewa zolimba zimene azigogo amavala popita kutchalitchi. Masiku ano magulu a zosokasoka ayamba kuichitira chidwi chifukwa cha zidole, zikwama ndi zokongoletsera m'nyumba zimene amaziona pa Facebook ndi pa YouTube. Chidwi chimenechi n'chabwino, koma gulu lisanatulutse ndalama m'thumba lake liyenera kudziwa kuti ntchitoyi ili ndi njira zitatu, kusoka, kubaya ndi singano, ndi kukanya m'madzi, ndipo njira yoyenera gulu ndi imene ikugwirizana ndi ubweya kapena nsalu imene gululo lingathe kumaipeza mosalekeza.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi mmene feliti amapangikira. Tsitsi lililonse la ubweya wa nkhosa lili ndi timamba tosaoneka ndi maso, tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Ubweya ukanyowa ndi madzi ofunda a sopo, timambato timatukuka, ndipo ukamatikitidwa, tsitsi lililonse limasuntha n'kukolana ndi linzake mpaka zonse zimasanduka nsalu imodzi yosatheka kuimasula. Thonje, nayiloni ndi ulusi wina wopangidwa kufakitale zilibe timamba timeneti, choncho ngakhale mutazikanya tsiku lonse m'madzi otentha sizingagwirane.

Luso limeneli linakulira kumaiko ozizira oweta nkhosa zambiri. M'manda akale a ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia, katswiri wofukula zakale Sergei Rudenko anapeza nsalu za feliti zimene zinasungika m'madzi oundana kwa zaka zoposa 2,000, ndipo ina mwa izo, yotalika mamita oposa 6, ikusungidwa ku Hermitage Museum mumzinda wa St Petersburg. Ku Mongolia anthu amafolera nyumba zawo zozungulira ndi feliti mpaka lero, ndipo ku Kyrgyzstan amayi amapanga makapeti otchedwa shyrdak ndi ala-kiyiz, amene bungwe la UNESCO linawaika m'chaka cha 2012 pa mndandanda wa maluso ofunika kuwateteza mwachangu. Kumeneko mmisiri ubweya amaupeza m'khola lake lomwe. Kuno kwathu si choncho, chifukwa nkhosa zathu zamakolo zili ndi tsitsi lalifupi lolimba limene siligwirana bwino, ndipo ngakhale nkhosa za mtundu wa Dorper, zimene zinachokera ku South Africa, zimawetedwa chifukwa cha nyama, ndipo chofunda chawo ndi ubweya wosakanikirana ndi tsitsi umene umathothoka wokha. Ubweya wabwino wa nkhosa za Merino umachokera ku South Africa ndi ku Lesotho, ndipo pofika kuno umakhala utakwera mtengo chifukwa cha mayendedwe ndi msonkho. N'chifukwa chake ndimalangiza gulu latsopano kuti liyambe ndi kusoka, ndipo njira zina ziwirizo lizilowe pambuyo pake, likapeza wogulitsa ubweya wodalirika.

Feliti yosoka imapezeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi imene imagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zosokera, yodulidwa kukula ngati pepala la A4 kapena yoyezedwa pa mita. Yambiri mwa imeneyi ndi yapulasitiki, ngakhale ogulitsa ena amaitcha yaubweya, choncho muziiyesa musanagule yambiri. Dulani kachidutswa, mukagwire ndi chopanira, mukayatse ndi machesi panja, madzi ali pafupi. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa, umazima wokha mukachotsa moto, ndipo umasiya phulusa lakuda lofumbutuka mukalitikita ndi zala. Yapulasitiki imasungunuka, imafwanyata, ndipo imasiya kambulu kolimba. Yapulasitikiyo si yoipa, ndi yotsika mtengo ndipo njenjete siziidya, koma imachita timibulu ikamagwidwagwidwa ndipo imatanuka, kotero mtengo wake ndi ntchito yake zisafanane ndi za yaubweya.

Njira yachiwiri ndi imene ndimaikonda kwambiri kwa magulu a ndalama zochepa, ndiyo kugwiritsa ntchito majuzi a pa kaunjika. Posankha, werengani kachikwangwani ka m'khosi kapena ka m'mbali. Juzi lolembedwa 100% wool kapena lambswool ndilo lofunika, pamene lolembedwa acrylic lisiyeni, ndipo lolembedwa superwash kapena machine washable lisiyeninso, chifukwa ubweya wake unathiridwa mankhwala oletsa timamba tija kukolana. Juzi long'ambika pachigongono kapena lobooka ndi lotchipa, koma pa ntchito iyi ndi labwino chimodzimodzi. Chotsani mabatani ndi zipi, muliviike m'madzi otentha a sopo, mulikanye ndi mphamvu, kenako muliviike m'madzi ozizira n'kulibwezeranso m'otentha. Bwerezani mpaka juzilo litafupika, litachindikala, ndipo mizere ya malukidwe ake itasiya kuoneka bwino. Chizindikiro chakuti lafika ndi chakuti mukalidula ndi sizasi, m'mphepete mwake simusomphoka. Majuzi a mitundu yosiyana muziwakanya padera, pakuti ena amasuluka utoto.

Ubwino waukulu wa feliti posoka ndi wakuti siifuna kupinda m'mphepete, ndipo mutha kuidula molozera kulikonse. Jambulani mapatani pa katoni yolimba, muwalembe pa nsalu ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wouma, ndipo sizasi yodulira ikhale yakuthwa ndiponso yosadulira mapepala. Feliti yochindikala milimita imodzi ndi yoyenera zilembo, maluwa ndi zina zomata pamwamba, pamene zikwama ndi timphasa toikapo mbale zimafuna ya mamilimita 2 kapena 3. Pa nkhani yosamala nsalu, amayi a ku Kyrgyzstan ali ndi njira imene gulu lililonse lingatengere. Popanga shyrdak amasanjikiza nsalu ziwiri za mitundu yosiyana, amadula chithunzi pa zonse ziwiri nthawi imodzi, kenako amasinthanitsa zidutswazo n'kuzisoka, ndipo pamatuluka zinthu ziwiri zofanana maonekedwe koma zosemphana mitundu popanda chotayidwa. Tizigamba totsala pa ntchito zina musataye, tiduleni tizidutswa tokhutitsira zidole.

Posoka pamanja gwiritsani ntchito ulusi wopetera, umene umakhala ndi timaulusi 6, ndipo muupatule kuti muzisokera tiwiri kapena titatu. Msoko wofunika kuuphunzira bwino ndi uja umazungulira m'mphepete mwa bulangete, chifukwa umalumikiza zidutswa ziwiri ndipo umakongoletsa nthawi yomweyo. Singano izilowa mamilimita 3 kapena 4 kuchokera m'mphepete, mipata ikhale yofanana, ndipo ulusi musaukoke kwambiri, pakuti feliti ilibe ulusi wolukana woti ugwire msoko, choncho msoko wapafupi kwambiri ndi m'mphepete kapena wokungika umang'amba nsalu. Pachifukwa chomwechi, wosoka pa makina atalikitse msoko mpaka mamilimita 3. Chikwama chonyamulira katundu chizikhala ndi chitenje mkati, ndipo zogwirira zake zisokedwe pa chitenjecho, kupanda kutero zimatanuka n'kuthothoka m'masabata ochepa. Feliti yapulasitiki musaisite ndi simbi yamakala, chifukwa kutentha kwake n'kovuta kukuchepetsa ndipo nsaluyo imasungunuka. Ngati kusita kukufunika, yalani kansalu ka thonje konyowa pamwamba pake.

Kubaya ndi singano ndi njira youmba ubweya wouma, popanda madzi. Singano zake si zosokera, zilibe diso, ndipo chakunsonga kwake zili ndi timipata timene timakoka tsitsi la pamwamba n'kulilowetsa mkati. Zinapangidwira makina a m'mafakitale, ndipo amisiri a ntchito zamanja anayamba kuzigwiritsa ntchito imodziimodzi m'zaka za m'ma 1980. Zimadziwika ndi manambala, ndipo nambala ikamakwera singano imawonda. Ya 36 ndi youmbira poyamba, ya 38 imagwira ntchito zambiri, pamene ya 40 ndi yosalazira pomaliza. Ubweya wa Merino ndi wofewa koma umachedwa kulimba pa singano, choncho oyamba kumene amapindula ndi ubweya wokhakhalako ngati wa nkhosa za Corriedale. Ubweyawo muupinde mothinitsa, muuike pa siponji yochindikala kapena pa kathumba ka chiguduli kodzaza mpunga, ndipo muzibaya uku mukutembenuza. Singano izituluka molunjika mmene inalowera, chifukwa chitsulo chake ndi chouma ndipo mukaipotoza ili mkati imathyoka. Miyendo, makutu ndi mchira muziumbe padera, kusiya mbali imodzi yosabaya kuti ikalumikizike pathupi.

Vuto limene limaononga malonda a zinthu zobaya ndi kufulumira. Chidole chimaoneka ngati chatha pamene mkati mwake mudakali mofewa, ndipo wogula akachigwiragwira chimaphwa n'kuyamba kunyenyeka ubweya. Chipsinjeni pakati pa zala. Ngati chikulowa mosavuta, pitirizani kubaya mpaka chitalimba ndipo singano ikulowa movutikira. Pa chitetezo, singanozi ndi zakuthwa kwambiri, choncho maso azikhala pa ntchito, zala zogwirira ubweya zivale zotchinga zachikopa, ndipo ana aang'ono asazigwire. Munthu aliyense akhale ndi singano zake, chifukwa kubayika pachala kumachitika kawirikawiri ndipo singano yokhudza magazi siyenera kubwerekanidwa. Singano ikathyokera mkati mwa chidole, nsongayo ipezeke ndi kuchotsedwa, ndipo ikalephereka kupezeka, chidolecho chisagulitsidwe.

Kukanya m'madzi kumafuna ubweya wambiri kuposa njira zinazi, motero ndi kwa gulu limene lakhazikika. Ubweya wopesa umayalidwa mopyapyala pa pulasitiki, mizere itatu kapena inayi yosanjikizana, uliwonse mopingasa ndi unzake. Pamwamba pamayalidwa kansalu ka neti, ngati ka katani wakale, kenako mumawaza madzi ofunda a sopo ndi kutikita pang'onopang'ono kuti ubweya usasunthe. Mukatsina pamwamba n'kuona kuti nsalu yonse ikunyamuka pamodzi, ikulungeni mu kamkeka n'kumaigubuduza, ndipo muziitembenuza kawirikawiri chifukwa imafupika molozera kumene mukugubuduzira. Nthawi zambiri imafupika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kotero wofuna kamphasa ka masentimita 30 ayale ubweya wa masentimita pafupifupi 45. Popeza ubweya umasiyana, mukalandira watsopano yambani mwapanga kachitsanzo ka masentimita 20 mbali zonse, mukayeze kakauma, ndipo mulembe zotsatirazo m'buku la gulu. Pomaliza tsukuluzani sopo yense, muthire vinega pang'ono m'madzi omaliza, ndipo muyanike pamthunzi. Amene angapeze ubweya wongometa kumene atsimikize kuti wachokera ku nkhosa zamoyo ndi zathanzi, pakuti ubweya wa nyama yofa yokha utha kufalitsa matenda a anthrax.

Ponena za msika, gulu liyambe ndi ogula amene ali pafupi. Sukulu za mkaka ndi makalasi a Sande sukulu amafuna zipangizo zophunzitsira, ndipo feliti ili ndi khalidwe lothandiza pamenepa, lakuti kachidutswa kake kamamatirira kokha pa bolodi lokutidwa ndi feliti kapena fulanelo. Zilembo, manambala, zipatso ndi nyama zodulidwa bwino zimathandiza mphunzitsi kwa nthawi yaitali, ndipo sizifuna ubweya wochokera kunja. Zidole za ana osapitirira zaka 3 zisakhale ndi mabatani, mikanda kapena maso omata ndi guluu, chifukwa mwana amazizula n'kuika m'kamwa. Maso ndi mphuno zipetedwe ndi ulusi, ndipo zokhutitsira zikhale zochapa ndi zouma. Tinjovu, timvuu ndi timbidzi tobaya ndi singano tingakope alendo m'malo ngati Cape Maclear ndi Nkhata Bay, koma kamodzi kamadya maola ambiri, ndipo gulu limene siliwerengera nthawiyo pa mtengo limagwira ntchito yaulere. Poika mtengo phatikizani nsalu, ulusi, singano zothyoka, sopo, nkhuni zotenthetsera madzi, ulendo wa kumsika ndi maola a wosoka.

Katundu waubweya asungidwe ali woyera ndi wouma, m'zidebe zotseka bwino, chifukwa njenjete zimakonda ubweya wathukuta ndi wamafuta wokhala malo amdima. M'nyengo yamvula muzimutulutsa kuti apitidwe mphepo asanachite nkhungu, ndipo majuzi a pa kaunjika ongogula kumene asasakanizidwe ndi katundu wotha asanachapidwe. Chinthu chilichonse chogulitsidwa chizipita ndi kapepala kouza wogula mtundu wa nsalu yake ndi kachapidwe kake, kuti achape pamanja m'madzi ozizira, asapotokole pofinya, ndipo ayanike choyala pamthunzi, pakuti madzi otentha ndi kufikisa zimapitiriza kukolanitsa ubweya ndipo chinthucho chimafupika n'kusintha maonekedwe.