Maso akamawawa ndi foni, yesani izi

Ngati maso amakuwawani mukamawerenga pa foni, musavutike n'kusankha pakati pa sikirini yoyera ndi yakuda. Ine ndapeza kuti iliyonse ili ndi nthawi yake.

Masana, kapena m'chipinda chowala bwino, gwiritsani ntchito yoyera ya zilembo zakuda. Pakawala, kamwana ka m'diso kamachepa, ndiye zilembo zimaoneka bwinobwino. Usiku mukazimitsa magetsi, ikani dark mode, yomwe ndi sikirini yakuda ya zilembo zoyera, n'kutsitsanso kuwala mpaka sikirini ileke kukuthobwani m'maso. Palibenso chifukwa chosinthira pamanja tsiku ndi tsiku: mu Settings, pa Display, mafoni ambiri amalola kuti sikirini izisintha yokha dzuwa likalowa.

Koma kwa amene muli ndi vuto la maso lotchedwa astigmatism, zilembo zoyera pamalo akuda zikhoza kumaoneka zachimbuuzi, ngati zazunguliridwa ndi nkhungu. Zikatero bwererani ku yoyera, mungochepetsa kuwala ndi kukulitsa zilembo.

Chinanso chimene chandithandiza kwambiri: mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chili patali mamita 6 kwa masekondi 20, uku mukuphethira. Tikayang'anitsitsa sikirini timaphethira mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake maso amauma n'kumamveka ngati muli mchenga.