Kuchoka ku Harare kukakwera Ilala pa nyanja ya Malawi

Ulendowu muuwerengere kuchokera ku tsiku la sitima. Ilala imanyamuka ku Monkey Bay kamodzi pa sabata, nthawi zambiri Lachisanu m'mawa, ndipo ikakusiyani mudikira sabata yathunthu. Choncho nyamukani ku Harare Lachiwiri, mukachedwa Lachitatu. Musanagule tikiti ya basi, tumizani wachibale wa ku Mangochi akafunse padoko ngati sitima ikuyenda, chifukwa inayamba ntchito mu 1951 ndipo imayimitsidwa kawirikawiri kuti ikonzedwe.

Mabasi a ku Blantyre mumawapeza ku Roadport kapena ku Mbare. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 600, koma chomwe chimadya tsiku ndi zipata zinayi za m'malire podutsa Mozambique: Nyamapanda, Cuchamano, Zobue ndi Mwanza. Pachipata chilichonse tsikani nokha ndi pasipoti yanu, ndipo musachoke pawindo musanaone chidindo ndi tsiku lake. Kupatsira kondakitala kuti akudindireni n'kumene kumabweretsa mavuto: chidindo cha Cuchamano chikasowa, a ku Zobue amakuonani ngati mwalowa mozemba, basi n'kupita inu mukadali pamzere wofotokoza. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi kapena Zimbabwe safunika viza podutsa Mozambique. Chigawo cha Tete n'chotentha koopsa mu Okutobala ndi Novembala, ndiye tengani malita atatu a madzi. Kwa osintha ndalama a pachipata sinthani zochepa zogulira chakudya, muwerenge makwachawo kawiri asanagwire madola anu.

Mukagona ku Blantyre, m'mawa pitani ku Limbe kukakwera minibasi yodzera Zomba ndi Liwonde mpaka Mangochi, kenako ina ya Monkey Bay. Sankhani yomwe yatsala pang'ono kudzaza. Yopanda anthu imazungulira depoti mpaka dzuwa kufika pamutu. Ku Mangochi tengeranitu ndalama ku banki, ndipo mulembetse simu ya Airtel kapena TNM.

M'sitima, pansi m'motchipa koma mumakhala anthu, matumba a chimanga, usipa wouma ndi fungo la injini pamodzi. Ngati thumba likulola, lipirani pamwamba, mugone pa matiresi panja. Bulangete musasiye: kuyambira Juni mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imazizira usiku ndipo mafunde ake amasanzitsa ngakhale anthu a kunyanja. Amene amachita nseru adye pang'ono, akhale chapakati pa sitima, maso ali kumtunda.

Pofunika kusamala kwenikweni ndi potsika. Malo ngati Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe alibe doko, sitima imaima patali ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, nthawi zina usiku. Boti silifika pamchenga, mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno. N'chifukwa chake chikwama chakumsana chimaposa sutikesi yamatayala. Chisapitirire makilogalamu 12 kuti muthe kuchisenza pamutu, foni ndi pasipoti muzimange m'majumbo awiri, tochi ikhale yapamphumi kuti manja onse agwire makwerero. Musalimbirane boti loyamba, ndi lomwe limadzaza mopyola; limabwerera kangapo.

Pa Likoma, kaoneni tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Anglican, kenako mudikire sitima, mukatsikire ku Nkhata Bay n'kukwera minibasi ya Mzuzu.

Amene anakulira mu Harare asadzinamize kuti ndi Mmalawi ndiye malungo samugwira. Thupi lake silinazolowere udzudzu wa kunyanja. Gonani m'neti, ndipo mukamva kutentha thupi ngakhale patatha sabata ziwiri mutabwerera, kayezetseni n'kuuza adokotala komwe munali. Osasamba m'madzi osayenda a m'bango pafupi ndi midzi, ndimo mumakhala nkhono za likodzo. Ngati munasambamo, kayezetseni pakatha miyezi iwiri.