Kaphikidwe ka guayusa (chakumwa chonga tiyi chochokera ku masamba a mtengo wa guayusa) monga amachitira anthu a mtundu wa Kichwa a m'chigawo cha Napo, m'dziko la Ecuador

Zofunika: masamba a guayusa, chingwe, mphika waukulu, madzi, nkhuni ndi zikho.

1. Thyolani masamba okhwima, muwatunge pachingwe, muwapachike podutsa mphepo mpaka aume gwa. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: mukasunga masamba osaumitsitsa amachita nkhungu, otaya basi.
2. Dzukani m'bandakucha, cha m'ma 3 koloko, musonkhe moto.
3. Ponyani masamba odzaza manja m'madzi owira. Asiyeni abwate nthawi yaitali mpaka madzi ade. Musaope, guayusa sawawa msanga ngati tiyi wamba.
4. Tungirani m'zikho banja lonse litazungulira moto. Ino ndi nthawi yofotokozerana maloto, akuluakulu n'kumamasulira. Musaithamangitse.
5. Madzulo musamwe, muli caffeine wambiri wothawitsa tulo.