Kusankha polishi, mapadi ndi zotetezera penti popukuta galimoto ndi makina pakhomo

Ambiri mwa ife amene tikukhala mu Johannesburg galimoto yathu yoyamba tinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo imene inkanyezimira pa tsiku logula inayamba kuonetsa timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude itangotsukidwa kangapo. Timizereto tinalipo kale, kungoti tinabisika ndi mafuta amene anapakidwa pamwamba. Kutichotsa kwenikweni kumafuna makina, polishi ndi padi (chopukutira chozungulira chimene chimamatidwa pa makinawo), koma musanatulutse ndalama kugula chilichonse ndi bwino kudziwa chimene mukukapukutacho.

Penti ya galimoto zamasiku ano imakhala yosanjikizana: pansi pali primer, penti yoyamba yothandiza kuti inayo igwire, pakati pali mtundu, ndipo pamwamba pali gawo loonekera mkati lotchedwa clear coat. Gawo limeneli nthawi zambiri limakhala la mamaikironi 35 mpaka 50, kutanthauza kuti ndi lopyapyala kuposa pepala lolembapo. Polishi sadzaza mizere, koma amapala clear coat mpaka malo ozungulira mzere atafanana ndi pansi pa mzerewo, ndipo chimene chapalidwa sichibwereranso. Kuno nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa mzinda uno uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 ndipo dzuwa lake limawotcha penti kwambiri. Galimoto zimene mumaziona zitasupuka padenga ndi paboneti zinataya gawo limeneli, ndipo palibe botolo limene lingazichiritse kupatula kukapentetsanso. Choncho lamulo losankhira chilichonse ndi limodzi: tengani chofewa kwambiri chimene chingathe kugwira ntchitoyo.

Pa makina sindichedwapo. Wongoyamba agule a dual action, amene amazungulira uku akunjenjemera, chifukwa satenthetsa penti pamalo amodzi ndipo amasiya kuzungulira mukadinikiza kwambiri. Makina a rotary, amene amangozungulira osanjenjemera, ndi achangu, koma m'manja mwa munthu wosazolowera amaboola clear coat m'mphepete mwa chitseko m'kanthawi kochepa.

Polishi alipo wa magulu atatu. Kompaundi ndi wokhakhala ndipo amachotsa mizere yozamirapo ndi penti yofwifwa. Polishi wapakati amachotsa timizere tobwera ndi kutsuka. Polishi womalizira amangobweretsa kunyezimira. Kampani ya ku Germany ya Menzerna imalemba manambala pamabotolo ake, ndipo nambala ikakhala yotsika ndiye kuti polishiyo amapala kwambiri: 400 ndi kompaundi, 2500 ndi wapakati, 3800 ndi womalizira. Kwa kampani ya Meguiar's, M105 ndi kompaundi ndipo M205 ndi womalizira. Ine ndimalangiza kuyamba ndi timabotolo ta 250 ml ta wapakati ndi womalizira, chifukwa botolo laling'ono lotero limakwanira galimoto yonse, ndipo kompaundi mudzagule pokhapokha mutaona ndi maso kuti wapakatiyo walephera. Dziwaninso kuti penti imasiyana kulimba: ya galimoto za ku Germany monga Volkswagen ndi Mercedes-Benz kawirikawiri imakhala yolimba, pamene ya galimoto zambiri za ku Japan, makamaka zakuda, imakhala yofewa ndipo imakalika msanga. Mzere uliwonse umene ukukola chikhadabo mukachiyendetsa modutsa, usiyeni. Mungauchepetse kuoneka, koma kuuthamangitsa mpaka utatha ndi kumaliza clear coat.

Mapadi ndi pamene anthu amaumira ndalama, pamene ndi pomwe pagona theka la ntchito. Polishi yemweyo amapala mosiyana malinga ndi padi imene mwamuikapo, moti wapakati pa padi yolimba angachotse zimene mumaganiza kuti zikufuna kompaundi. Mapadi a siponji ndiwo oyenera kuyambira, ndipo amakhala olimba, apakati ndi ofewa. A microfibre amapala kwambiri koma amasiya kachifunga pa penti yofewa, pamene a ubweya wa nkhosa ndi a ntchito yaikulu. Musadalire mtundu wa padi, chifukwa yachikasu ya kampani ina ikhoza kukhala yopalira pamene yachikasu ya kampani inanso ndi yomalizira. Werengani zolembedwa paphukusi, ndipo ngati n'kotheka gulani onse a kampani imodzi. Kukula kwa padi kugwirizane ndi mbale ya makina anu, imene nthawi zambiri imakhala ya 125 mm kapena 150 mm. Chofunika koposa ndi chiwerengero: padi imodzi singathe galimoto yonse, chifukwa ikadzaza polishi wouma ndi fumbi la penti imatentha, imafewa, n'kuyamba kukala m'malo mosalaza. Khalani ndi zinayi za mtundu umene mugwiritse ntchito kwambiri ndi ziwiri zomalizira, muziisasa ndi kaburashi mukamaliza gawo lililonse, ndipo madzulo muzichape n'kuziyanika pamthunzi.

Zonsezi zimatsimikizika poyesa pamalo amodzi. Tsukani galimoto bwinobwino, kenako yendetsani clay bar, kachidutswa konga dongo kochotsa litsiro lomatirira, pa penti yonyowa mpaka chikhatho chisamvenso tokhakhala, pakuti fumbi la m'nyengo yozizira, makamaka kwa okhala pafupi ndi milu ya mchenga wa migodi kum'mwera kwa mzinda, likalowa pansi pa padi limakhala ngati sandipepa. Matani tepi pa mapulasitiki akuda ndi m'mphepete mwakuthwa. Paboneti sankhani malo a masentimita 50 mbali zonse, ikani madontho anayi a polishi wapakati pa padi yapakati, muwaze ndi liwiro lotsika, kenako onjezerani liwiro n'kuyenda pang'onopang'ono, mopingasa ndi mwamtali, kanayi kapena kasanu. Pukutani ndi kansalu ka microfibre konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti) wosungunula ndi madzi, kuti mafuta a polishi asakunamizeni, ndipo unikani ndi tochi. Mizere ikatsala, sinthani chinthu chimodzi chokha, choyamba padi, kenako polishi. Padi ikatuluka ndi mtundu wa galimotoyo, mwina penti yake ndi yachikale yopanda clear coat, kapena mwaboola. Imani kaye mufufuze. Penti ya matte, yopangidwa dala kuti isanyezimire, siipukutidwa ndi makina konse.

Ntchitoyi ichitike pamthunzi, chitsulo chili chozizira. Amene alibe galaja ayambe m'mamawa, chifukwa m'nyengo yotentha mvula ya mabingu imakonda kugwa masana.

Penti yopukutidwa imakhala pamtunda yopanda chotchinga, choncho itetezedwe tsiku lomwelo. Wakisi wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wa mgwalangwa wa ku Brazil, amaoneka bwino pa mitundu yakuda, koma pa galimoto yogona panja m'dzuwa la kuno amatha m'masabata ochepa. Sealant, yomwe ndi chotetezera chopangidwa kufakitale, imapirira kutentha ndi sopo ndipo imakhala miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Imeneyi ndiyo ndimaona kuti ikuyenera anthu ambiri, kuphatikizapo oyendetsa Uber ndi Bolt amene amatsuka galimoto pafupipafupi, chifukwa ndi yosavuta kupaka ndipo mukalakwitsa imapukutika. Ceramic coating, chotetezera chamadzimadzi chimene chimauma n'kukhala gawo lolimba pa penti, imatha chaka kapena kuposerapo, koma imafuna penti yoyera yopanda mafuta alionse, komanso malo ouma opanda fumbi kwa tsiku lathunthu, ndipo pamene mwachedwa kupukuta pamauma chigamba chimene chimachoka ndi makina basi. Munthu woimika galimoto pamsewu ku Rosettenville kapena ku Yeoville asayambire pamenepa. Ceramic yopopera, yothira pambuyo potsuka, ingamuthandize popanda chiopsezo chimenecho.

Palibe chotetezera chopaka chimene chimaletsa matalala kapena kukalika, ngakhale botolo litalonjeza zotani. Chimene chimachita ndi kukupatsani nthawi yochotsa zitosi za mbalame ndi maluwa onata a jacaranda a mu Okutobala ndi Novembala zisanadye penti. Ngati galimoto yangochoka kopentedwa pambuyo pa matalala, funsani amene anaipenta nthawi yoyenera kudikira, chifukwa penti yatsopano imafuna mwezi umodzi mpaka itatu isanatsekedwe ndi wakisi kapena sealant. Pakani mopyapyala ndi padi yofewa kwambiri kapena ndi dzanja, ndipo mudzabwereze madzi akasiya kupanga timadontho tozungulira paboneti; kubwerezako sikufuna kupukutanso ndi makina, kutsuka bwino n'kokwanira.