Kumwetulira kunali pakamwa pokha

Masiku atatu ndinalimbana ndi nkhope ya mtsikana amene ndinamuumba mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta youmbira zinthu za 3D. Ndikangokweza shape key ya kumwetulira (chida chosinthira maonekedwe a nkhope, chimene umachikweza kuyambira pa 0 mpaka pa 1), ankaoneka woopsa: milomo yatambasuka, mano onse pamtunda, koma maso ali gwa ngati a chidole.

Vuto ndinalipeza pagalasi. Ndinamwetulira zala zili pamasaya, ndipo ndinamva mnofu ukukwera n'kukankha zikope zam'munsi. Kumwetulira kochokera pansi pa mtima kumagwiritsa ntchito mnofu wokoka ngodya za milomo limodzi ndi wozungulira diso. M'ndondomeko ya FACS yopatsa manambala mayendedwe a minofu ya nkhope, imene Paul Ekman ndi Wallace Friesen anatulutsa mu 1978, zimenezi zimatchedwa AU12 (milomo) ndi AU6 (masaya ndi maso). Ine ndinali nditapanga AU12 yokha.

Ndiye ndinapanga shape key ina ya masaya. Ngodya za milomo ndinazikokera m'mwamba komanso kumbuyo kuti zizungulire mano, osangopita m'mbali. Mano am'munsi ndinawabisa. Kenako ndinagawa kumwetulirako pawiri, kumanzere ndinakweza kufika pa 0.8, kumanja pa 0.7, chifukwa nkhope yofanana ndendende mbali zonse imaoneka yopanda moyo.

Ndinasinthanso nthawi: milomo iyambe, masaya atsatire pakapita mafelemu atatu (zithunzi zitatu zotsatizana za kanema). Nditayesa, masaya anakwera, maso anatsinzina pang'ono, nane ndinapezeka ndikumwetulira.