Kadzoledwe ka mankhwala a steroid pakhungu loyabwa

Mankhwala odzola a steroid, omwe amachepetsa kutupa ndi kuyabwa kwa khungu, amagwiradi ntchito, makamaka pa eczema (khungu louma loyabwa), psoriasis (zigamba zamamba pakhungu) ndi khungu lomwe latupa chifukwa cha sopo kapena mafuta ena, koma choyamba dziwani kuti mukudwala chani. Zipere ndi mphere sizimva steroid ayi. Ukadzola pa chipere kuyabwa kumasiya kwa masiku angapo iwe nkumati ndachira pomwe chikungofalikira, chimafuna mankhwala odzola a clotrimazole, ndipo cha m'mutu mwa mwana chimafuna mapilisi ngati griseofulvin. Mphere mankhwala ake ndi benzyl benzoate, adzole onse a m'nyumba. Ndiye musanagule kanthu pitani kaye ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe kapena ku health centre ya kwanu akakuoneni.

Kenako werengani pa chubu. Hydrocortisone 1% ndi wofatsa, ndi amene amapatsa ana komanso wa kumaso. Betamethasone valerate 0.1% ndi wamphamvu, clobetasol 0.05% uja ambiri amamudziwa kuti Dermovate ndiye wamphamvu zedi, ameneyo kumaso, m'khwapa ndi kumaliseche asafikeko pokhapokha adokotala anene okha.

Muyeso wake ngosavuta: finyani kuyambira kunsonga kwa chala cha mkombaphala mpaka pa mzere woyamba, ndi pafupifupi theka la gramu ndipo akwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Dzolani pamene pali vuto pokha, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, mukatero sambani m'manja. Ngati khungu ndi louma lothetheka sankhani ointment (wamafuta ngati Vaseline), cream ndi wa pamene pakunyowa. Vaseline musamusiye, ingodikirani mphindi ngati 30 pakati pa ziwirizi.

Pomwe anthu timaphonya ndi pa nthawi. Kumaso sabata imodzi yakwana, pathupi nthawi zambiri sabata imodzi kapena ziwiri, osati miyezi. Pali ena akugula machubu amenewa pamsika nkusakaniza mu lotion kuti ayere, eya amayeradi poyamba, koma khungu limapyapyala, timitsempha nkumaonekera, mizere ngati ya pamimba ya ntchembere imatuluka ndipo imeneyo sichoka, ziphuphu nazo mbwee, ndiye dzuwa la mu October likamenya nkhope imangotentha. Ngati mwadzola kwa miyezi musasiye lero lomwe chifukwa khungu limatha kuwilima kuposa kale, adokotala amakuchepetsani pang'onopang'ono.

Pakatuluka mafinya, pakapweteka kwambiri kapena sabata yatha palibe kusintha, bwererani kuchipatala ndipo chubucho mutenge akachione.